Masamba a pa Chigayo

"Ndikufunsa kuti wamwalira ndani pakhomo pano?" anakuwa Everson atangolowa pageti, ali wefuwefu. Patapata imodzi anali ataisiya kumsewu.

Mkazi wake Petronela sanadzuke n'komwe pabeseni pomwe ankachapa.

"Palibe wamwalira. Khazikani mtima pansi, bambo a Evelina."

"Palibe? Nanga masamba ali pamsewuwo? Kumtunda nthambi, kumunsi nthambi, pakati pake geti langa! Ndasiya minibasi yodzadza ndi anthu injini ikulira. Mwana ali kuti?"

"Ali kusukulu. Lero wawoloka akuyenda ngati munthu, osati kuthamanga ngati nkhuku. Masambawo ndaika ndine."

Everson anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ananso mtengo wa mango wa kwa aneba. Mbali imodzi unali utasadzulidwa.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Masamba pamsewu ndi chizindikiro cha maliro. Si zoseweretsa zimenezo."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndaika."

Nyumba yawo inali ku Bangwe, pamalo omwe anthu amangoti pa Chigayo. Pamenepo msewu wopita ku Limbe umatsetsereka kenako n'kukhota, ndipo sukulu ya pulayimale ili tsidya lina. Galimoto yochokera kumtunda siiona munthu mpaka itakhota. Evelina, mwana wawo yekhayo, anali Sitandade 2, ndipo ankawoloka pamenepo popita ndi pobwera.

Petronela anafinya malaya n'kupukuta manja pachitenje.

"Mwezi watha tinkalira a Gertrude, amayi a nthochi aja lole inawapeza atakhala pabenchi pawo. Munaona zomwe zinachitika pamsewupo? Masamba atangoikidwa, madalaivala nonse munasanduka anthu opemphera. Wailesi kuzimitsa, hutala zii, kapusi kuvula. Akabaza mpaka kutsika n'kumakankha njinga. Ana ankawoloka akudya chimanga. Maliro kutha, masamba kuchotsa, basi mwayambiranso kuuluka. Ndiye ndaona kuti anthu inu munthu mumamulemekeza akafa. Wamoyo mumamuona ngati galu."

"Ndiye uziitana imfa pakhomo panga? Awa ndi malodza!"

"Imfa yochita kuitana? Imadutsa yokha apapa tsiku ndi tsiku, ili ndi kondakitala pachitseko akukuwa kuti Limbe, Limbe, wotsala m'modzi!"

"Ukunena ine?"

"Ndatchula dzina? Koma poti mwafunsa, mabuleki anu aja mumachita kupopa ngati mjigo munakonzetsa?"

"Za galimoto uzisiye, suzidziwa. Ngati mukufuna hampu yochepetsa liwiro pamsewupo, pitani ku ofesi."

"Tinapita amayi tonse a pano, anatiuza kuti hampu ili m'mapulani. Uja ankafuna mavoti anabwera, anayeza msewu ndi mapazi, anajambulitsa atanyamula mwana wa eni ake, mpaka lero. Chaka chino chokha apapa pagundidwa a Gertrude, mnyamata wa kabaza uja, ndi mwana wa Sitandade 4 amene panopa akuyendera ndodo. Mukufuna wotsatira akhale wanu?"

Pageti panasuzumira mutu wa Kondie, kondakitala wa Everson.

"Madala, mapasenjala ayambitsa nyimbo ya maliro m'galimotomu. Amayi ena akufunsa ngati atsike adzakhuze."

"Auze kuti palibe maliro!"

"Nanga inuyo mumalira chiyani pothamanga paja?"

Everson anamuloza chala mkazi wake. Anatembenuka n'kupita kukasaka patapata yake.

Dzuwa lisanafike pamutu, alendo anayamba kufika. Oyamba anali amayi a kumpingo, atavala mabulauzi oyera, akuimba chapansipansi kuchokera kumsewu. Anapeza Petronela akuyanika zovala. Nyimbo inafera pakhosi. Wina anali atayamba kale kulira ndipo zinamuvuta kusiya. Petronela anawayalira mkeka n'kuwafotokozera. Ena anamuda kuti akusewera ndi zinthu zoopsa, koma omwe anali ndi ana pasukulupo maso awo anali kumsewu komwe lole ya mchenga inkadutsa ngati ikukwawa.

Kenako kunabwera Zuleikha, mnansi wake wa kuseri kwa mpanda, atasenza nkhuni.

"Asisi, ine mtima unachoka! Ndimati mwina ndi achimwene, poti kayendetsedwe kawo tonse timakadziwa."

"Ali moyo, angochoka kumene akutukwana. Pepani, nthambizo ndadula mumtengo wa apongozi anu osapempha."

Apongozi a Zuleikhawo, Che Abdula, anali atakhala pakhonde pawo pomwe ankakhomerapo ndowa ndi mbaula maso asanayambe kuvuta. Anamva zonse.

"Ndiye ndinu, amake Evelina? Kuyambira m'mawa aliyense wodutsa akumandisuzumira kuti aone ngati ndikupuma. Wina mpaka wandifunsa kuti, Che Abdula, mukadalipo?"

"Pepani, bambo."

"Musapepese. Ine kumzikiti ndinasiya kupita chifukwa cha msewu umenewu. Lero ndawoloka ndekha ndi ndodo yanga. Dulani, mtengowo ndi wanu. Koma kumbali inayo musiyeko, tsiku langa likadzafika mudzadule zikuluzikulu."

Kuyambira tsiku limenelo Petronela ndi Zuleikha anagawana ntchito. M'mawa ankaika nthambi, ana akawoloka n'kuchotsa. Nthawi yoweruka ankaikanso. Petronela anamugwira Evelina mapewa n'kumuphunzitsa.

"Ukafika pamsewu uyambe wayang'ana. Ukaona masamba, dziwa kuti amayi akonza njira, woloka. Ukapanda kuwaona, ima pomwepo undidikire. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Zinayenda bwino kwa masabata angapo. Madalaivala ankadabwa kuti pa Chigayo anthu akutha bwanji chonchi, koma ankachepetsa liwiro. Ena ankati pagwa kolera. Akabaza ena anayamba kuzungulira njira ya kumanda poopa kutengera tsoka. Palibe ngakhale nkhuku yomwe inagundidwa.

Koma nkhani siikhalitsa m'minibasi. Kondie anauza mnzake m'modzi, mnzakeyo anauza oitanira, ndipo posakhalitsa siteji yonse ya ku Limbe inadziwa kuti masamba aja ali pageti pa Everson.

"Wamasiye uja wafika!" ankakuwa oitanira minibasi yake ikamaima.

"Pepani ndi zovuta, madala. Lero mwaika ndani?"

"Akazi anu akuyeserera maliro anu, kuti tsikulo asadzalakwitse!"

Everson anapirira, kenako zinamukwana. Tsiku lina anabwera kunyumba madzulo dzuwa likadalipo, akuimba mluzu. Anakhala pampando n'kutambasula miyendo.

"Zamanyazi zija zatha lero," anatero.

"Ziti?" anafunsa Petronela, akusankha mpunga m'lichero.

"Ndawauza onse pasiteji. Ndinakwera patayala kuti aliyense amve. Ndati masamba a pa Chigayo ndi abodza, ndi mkazi wanga amene akudwala mutu. Mukawaona pondani."

Petronela anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani?"

"Wamva. Ine ndine mwamuna, sindingamasekedwe ndi ana oitanira. Komanso ukudziwa kuti ukachepetsa liwiro apapa, mnzako wa kumbuyo amakupitirira n'kukatola anthu onse pasiteji ya kumunsi? Bwana mwini galimoto madzulo amafuna ndalama, safunsa za masamba."

"Ndiye mwakwera patayala kuuza Limbe yonse kuti iponde pomwe mwana wanu amawolokera?"

"Mwana aphunzire kuwoloka ngati ana ena onse. Ife tinakula tikuwoloka misewu, tinafa?"

"Amene anafawo sangakuyankheni."

"Pakamwa pako m'pamene pamandinyansa. Ine zaka zonsezi pa siteringi sindinagundepo munthu."

"Mbuzi ya a Venansio ija inali chiyani? Nanga njinga ya mkaka ija?"

"Ndati munthu!"

"Pa njingapo panali thumba?"

Everson anadzuka n'kukankha mpando.

"Ndanena ndanena. Mawa ndikapeza nthambi pamsewupo, woyamba kuponda ndine."

Ndipo anapondadi. M'mawa mwake anatsika ndi liwiro, hutala ili pii, nthambi n'kuuluka. Anzake anatsatira. Zinasanduka masewera. Makondakitala ankatulutsa mitu n'kumakuwa kuti, "Pepani amfedwa!" Wa kabaza wina anatola nthambi osaima n'kuimangirira kumbuyo ngati mbendera. Tsopano pa Chigayo magalimoto ankathamanga kuposa kale, ngati akubwezera masiku omwe ananamizidwa.

Petronela anasiya kuika masamba. Anayamba kumuperekeza yekha Evelina, kumugwira dzanja zolimba, n'kumaima m'mphepete mpaka mpata utapezeka. Nthawi yoweruka ankapitanso kukamudikira tsidya lija. Che Abdula anabwerera pakhonde pawo, kumzikiti osapitanso.

Lachinayi lina Everson anachoka mbandakucha ngati masiku onse. Dzuwa litakwera pang'ono, Petronela atangobwera koperekeza mwana, anamva kulira kuseri kwa mpanda. Che Abdula anali atamwa tiyi, n'kutsamira khoma, osadzukanso.

Asilamu sagoneka maliro. Anagwirizana kuti aike tsiku lomwelo ikangotha swala, pemphero lawo la masana. Anyamata anakwera mumtengo wa mango n'kudula mbali ija mwini wake anasungitsa, nthambi zikuluzikulu, n'kuziyala pamsewu kumtunda ndi kumunsi. Petronela anamanga chitenje n'kulowa m'gulu la amayi. Anatunga madzi, anasonkha moto, anakhala ndi Zuleikha yemwe ankangolira. Za nthawi anaiwala.

Anadzidzimuka atamva amuna akunyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, kuti azipita kumanda. Manda ali tsidya la msewu, kuseri kwa sukulu.

"Mayo, Evelina! Aweruka kale!"

Anataya chidebe n'kuthamangira kumsewu.

Evelina anali ataima tsidya lija ndi anzake awiri. Anadikira amayi ake, osabwera. Kenako anayang'ana kumtunda, anaona masamba. Anayang'ana kumunsi, masamba, akuluakulu kuposa masiku onse. Anawagwira manja anzake aja.

"Tiyeni, amayi akonza njira."

Nthawi yomweyo minibasi ya Everson inkatsika kuchokera kumtunda, ina ili pambuyo pake kufuna kuipitirira. Kondie anali atapachikika pachitseko.

"Madala, masambatu awo. Koma lero achuluka."

"Wayambiranso mkazi uja. Akuganiza kuti akachulutsa ndiye ndiopa? Lero ndimuonetsa."

"Tachepetsani pang'ono, adalaivala," anatero bambo wina kumpando wa kutsogolo. "Mwina ndi enieni."

"Bambo, pamenepa ndi pakhomo panga. Kukanakhala maliro ndikanayamba kudziwa ndine."

Anaponda mafuta. Nthambi zinalira kunsi kwa galimoto. Atangokhota anaona msewu wadzadza amuna a mikanjo yoyera, jeneza ili pamapewa. Patsogolo pawo, pakati penipeni pa msewu, panali ana atatu ogwirana manja. Wapakatiyo anali ndi chikwama chofiira chomwe Everson anagula yekha ku Limbe.

Anaponda buleki. Phazi linangofika pansi. Anapopa, anapopanso, galimoto osamva. Anthu m'galimoto anakuwa, wina Yesu, wina Allah. Everson anapinda siteringi yonse kumanzere. Minibasi inadumpha ngalande, inagwetsa mpanda wa nyumba yake yomwe, inadutsa pachingwe cha zovala, n'kukaima ndi mphuno pachitsa cha mtengo pafupi ndi bafa.

Kenako ana anayamba kulira.

Petronela anafika pamsewu akuthamanga. Anamunyamula Evelina n'kumugwiragwira mutu, manja, miyendo. Analibe bala ngakhale limodzi.

"Amayi, masamba analipo," anatero mwanayo akusisima. "Ndinayang'ana."

"Unayang'ana, mwanangu. Sunalakwe iwe."

Onyamula jeneza sanaigwetse, ngakhale ena anali atathawira m'ngalande. Anyamata ena anatola miyala kulunjika kuminibasi, koma Hafizi, mwamuna wa Zuleikha, anawaletsa.

"Tulutsani anthu m'galimotomo. Enafe tikaike bambo. Ali moyo madalaivala sanawapatse njira, ndiye lero awatsekerenso?"

Mapasenjala anatuluka ndi mabala, wina dzanja lothyoka. Kondie anasiya mano awiri pachitseko. Everson anachita kumusolola ndi zitsulo chifukwa mwendo wa kumanja unali utapanikizika. Pomunyamula ankangofunsa chinthu chimodzi.

"Mwana? Mwana ali kuti?"

"Ali moyo," anayankha Petronela. "Kapumeni. Mwafika pakhomo msanga lero."

Everson anakhala ku chipatala cha Gulupu masabata angapo. Apolisi anabwera, anayeza, anamulanda laisensi. Bwana wake anabwera kudzaona minibasi, iye osamuona. Mabwana a misewu nawo anabwera ndi galimoto yoyera, anaima pakona paja, anagwedeza mitu, n'kunena kuti hampu ili m'mapulani.

Atatuluka m'chipatala, Everson ankakhala pakhonde mwendo uli mupulasitala, ndodo ziwiri zili pambali. Poti mpanda unagwa, msewu wonse ankauona. Aka kanali koyamba kuuona ali pansi. Minibasi zinkatuluka pakona paja ngati zaponyedwa. Iye ankangoti, "Ee! Ee! Uyu ndi wamisala uyu!" Ndipo onsewo ankawadziwa mayina.

M'mawa wina anaona Petronela ndi Evelina ataima m'mphepete nthawi yaitali, mpata osapezeka. Belu la kusukulu linalira iwo akadali pomwepo. Petronela atabwerako, Everson anakhosomola.

"Amake Evelina, chikwanje chija chili kuti?"

"Mukufuna mudule chiyani, mwendowo?"

"Ndimati mwina nthambi zingapo. Za m'mawa zokha."

Petronela anaseka, koma kuseka kwake kunalibe chimwemwe.

"Masamba aja munawapha ndinu, mutakwera patayala. Sabata yatha kumunsiku kunali maliro a khanda, anaika masamba, anzanu anaponda akuimba hutala. Panopa pa Chigayo ngakhale wakufa sakulemekezedwa. Komanso mtengo wa Che Abdula unatha."

"Ndiye titani? Mwana azingoima choncho?"

"Mukundifunsa ine wodwala mutu?"

M'mawa mwake, Evelina atavala yunifolomu, bambo ake anatenga ndodo zija n'kudzuka movutikira.

"Mukupita kuti?" anafunsa Petronela.

"Tiye, Evelina. Itana anzako."

Anatsimphina mpaka kumsewu, n'kupitirira mpaka pamzere wapakati, pomwe wotuluka pakona angamuone msanga. Anaima pamenepo, pulasitala ili mbuu, n'kukweza ndodo imodzi m'mwamba. Minibasi yoyamba inalira matayala n'kuima. Dalaivala anatulutsa mutu.

"Everson! Wapenga? Ukufuna tikumalize?"

"Ponda! Si unkaponda masamba? Ponda ine, anzako akakufunse pasiteji!"

Dalaivala uja anayang'ana mwendowo, anayang'ana mpanda wogwa uja, n'kuzimitsa wailesi. Ya pambuyo pake inaimanso. Ana anawoloka, ena akudya zitumbuwa. Kondakitala wina anakuwa kuti, "Tulafiki watsopano, bwanji yunifolomu?" koma galimoto yake sinasunthe mpaka mwana womaliza atafika tsidya.

Kuyambira pamenepo Everson amaima pamsewupo m'mawa ndi nthawi yoweruka. Amatukwanidwa, naye amabweza, poti chilankhulo chawo amachidziwa.

Tsiku lina Zuleikha ndi Petronela ankamuonerera ali pomwe panali geti.

"Koma asisi, zinthu zake," anatero Zuleikha. "Tinayenda mpaka ku ofesi kukapempha hampu, osadziwa kuti mukugona nayo m'nyumba."

"Imadya kwambiri, komabe ikugwira ntchito."

"Nanga akadzachotsa pulasitalayo? Si abwerera pa siteringi, ife n'kuyambiranso kuthamanga?"

Petronela anayang'ana mwamuna wake ali pakati pa msewu, ndodo ili m'mwamba, Evelina akudutsa kumbuyo kwake ndi chikwama chofiira.

"Adokotala anandiitanira pambali. Bondo limenelo silidzapindikanso. Iwowo sindinawauze."

"Mayo ine! Pepani, asisi."

"Musapepese. Imeneyi ndi hampu yokhalitsa."